Akafula analipodi, bambo, ndipo mapalewo musataye

Bambo wina wa kwa Chulu ku Kasungu wandilembera imelo. Akuti pogalauza munda wa fodya akumafukula mapale amizeremizere ndi miyala yakuda, yolemera, yobowokabowoka. Anzawo akuti ndi zaufiti, akazitaye kudambo. Iwo akufunsa ngati Akafula analipodi, ndiponso ngati zinthuzi ndi zawo.

Funso lanu landidzutsira mkwiyo wakale, bambo. Ine ndinakulira ku Mchinji, ndipo agogo anga aakazi ankatisimbira za Akafula madzulo tikukazinga chimanga. Ankati anali anthu aafupi, okhala m'mapanga, odya uchi ndi nyama. Ukakumana naye ankakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pompano, muvi unkakupeza. Wochenjera ankaloza kutali n'kunena kuti, "Ndakuonerani uko!" Tsiku lina ndinakafotokoza zimenezi m'kalasi. Aphunzitsi anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kunena kuti nthano ndizisiya kumudzi, mbiri yoti tilembe pamayeso ikuyambira 1859 pamene David Livingstone anafika kunyanja. Anzanga ananditcha Kafula mpaka ndinamaliza pulayimale.

Kumeneko ine ndimati ndi kuba. Mwana akamauzidwa kuti dziko lake linayamba tsiku limene mlendo analiona, waberedwa makolo ake masana dzuwa likuswa mtengo. Pitani ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira zija, zamizere ndi zozungulira, akatswiri amati ndi za Akafula. Zoyera ndi za Achewa, za chinamwali ndi Nyau. Ngakhale m'nkhalango ya Kasungu National Park, pakhomo panu pomwepo, muli zojambula pamiyala ndi ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo. Timaperekeza alendo kukaona njovu, ng'anjo n'kuzidutsa osacheuka.

Ndipo Akafula ndi adzulodzulo tikawayerekeza ndi za ku Karonga. Ku Uraha, mu 1991, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wakale wa mtundu wa Homo rudolfensis, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Wina anandikalipirapo pamaliro kuti zoterezi n'zonyoza Mulungu. Ndinangoti chibwanocho sindinachikwirire ndine. Chomwe chimandisowetsa tulo ndi cha kuphiri la Hora ku Mzimba: mafupa a anthu osaka nyama, ena a zaka zoposa 8,000, anapimidwa DNA, zizindikiro za m'thupi zimene munthu amatengera kwa makolo ake, ndipo ofufuza anapeza kuti magazi a anthu amenewo sakuonekanso mwa Amalawi a lero amene anawapima. Agogo ankawadziwa bwino chonchija anthu osaka nyama ngati amenewa, koma mbumba ya anthuwo inazimirira.

Nanga mapalewo?

Mwachionekere si a Akafula. Iwo zida zawo zinali timiyala tosongoka tosemedwa, mauta ndi mivi. Kuumba miphika, kulima ndi kusula zinabwera ndi alimi amene anafika kuno zaka pafupifupi 1,700 zapitazo, ndipo miphika yawo yoyambirira akatswiri amaitcha ya Nkope, potengera malo a ku Mangochi. Magulu awiriwa anakhala moyandikana zaka mazana ambiri. Miyala yakudayo ndi zotsalira posungunula chitsulo, kusonyeza kuti pafupi pomwepo panali ng'anjo ndi mvukuto, mwina makasu a mudzi wonse ankachokera pamunda wanuwo.

Musazitsuke, musakumbe mozama pofuna kupeza zambiri, ndipo wina akabwera ndi ndalama musamugulitse. Jambulani pafoni pamalo pomwe zili, uzani amfumu, kenaka tumizani zithunzizo ku dipatimenti ya boma yoona za zinthu zakale ku Lilongwe. Fodya limani ndithu, kungoti pamene zachulukapo musiyepo kachigawo kosalima mpaka adzaone.