Funsani Tikuyankheni: Theremin yanga imasokonekera magetsi akathima

FUNSO: Akonzi, ine ndimakonza mawailesi ku Mbare, ndipo ndinapanga theremin, chida choimbira chimene munthu amachiliza osachikhudza, potsatira chithunzi cha kalumikizidwe kake chimene ndinapeza pa intaneti. Magetsi akakhalapo imalira bwino, koma akathima n'kuilumikiza ku batire, mawu ake amangosokonekera. Mwana akadutsa kumbuyo kwanga, mawu amasinthanso. Kodi ndinalakwitsa polumikiza? Cholinga changa ndi kudzaimbira nacho kwaya ya kutchalitchi kwathu.
Wowerenga wa ku Mbare, Harare

YANKHO: Bambo, popeza chidacho chimalira bwino pa magetsi a m'nyumba, zikuoneka kuti mawaya munalumikiza molondola, ndipo chimene chikusowa ndi earth, kutanthauza njira yolumikiza chidacho ku nthaka.

Monga wokonza mawailesi, mumvetsa msanga mmene chimagwirira ntchito. M'kati muli ma oscillator awiri, tizipangizo totulutsa mafunde a magetsi, othamanga kwambiri moti khutu silingawamve. Imodzi liwiro lake silisintha, pamene inayo yalumikizidwa ku eriyo yoimirira ya chidacho, ndipo liwiro lake limasintha dzanja likayandikira. Chimene chimatuluka pa sipika ndi kusiyana kwa ziwirizo: imodzi ikagunda maulendo 200,000 pa sekondi, inayo 200,440, mudzamva 440, yomwe ndi noti ya A imene oimba amachunira zida zawo. Apa dzanja lanu ndi eriyo zimakhala ngati mbali ziwiri za capacitor, kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi, ndipo kuti zimenezi zikhazikike, thupi lanu ndi chidacho ziyenera kukumana kudzera m'nthaka. Pulagi ya mano atatu imachita ntchito imeneyi mwakachetechete, koma batire ilibe njira yopita pansi, ndiye chifukwa chake mawu amayandama.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Tengani waya, mulumikize mbali ya ground (earth) ya chidacho ku chitsulo chokhomedwa m'dothi lonyowa kapena ku paipi yachitsulo ya madzi yochokera pansi. Ngati muli pamalo pamene zimenezi sizingatheke, mangani wayayo ku lamba wa padzanja amene okonza makompyuta amavala. Lamba ameneyu muzivala pokhapokha chidacho ndi sipika yake zikuyendera batire, osati magetsi a m'soketi.

Za mwana wodutsayo, chidacho sichikulakwa. Eriyo sisiyanitsa dzanja la woimba ndi thupi la munthu wina, chitseko chachitsulo kapena mabaglabazi a pawindo, choncho siyani mpata woposa mita imodzi mbali zonse. Mukachiyatsa, dikirani mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu chiyambe chatentha musanachune.

Nkhani ya kwaya ndiyo yovuta, ndipo sitikubisirani. Leon Theremin wa ku Russia anapanga chidachi mu 1920, kampani ya RCA inayamba kuchigulitsa ku America mu 1929, ndipo Robert Moog, wopanga zida zoimbira zamagetsi wa ku America, anagulitsa zipangizo zoti anthu azilumikiza okha, komabe oimba ochidziwa bwino akhala ochepa mpaka lero. Gitala ili ndi timizere tosonyeza poika chala, koma theremin ilibe chizindikiro chilichonse, moti ngakhale kupuma mwamphamvu kumasuntha noti. Clara Rockmore, amene anatchuka nacho kwambiri, anali katswiri wa vayolini kuyambira ali mwana, ndipo khutu lake linali lozolowera kale.

Imani chilili, miyendo motalikirana pang'ono, chigongono chakumanja pafupi ndi nthiti, ndipo muzisintha noti potambasula zala m'malo moyendetsa mkono wonse. Dzanja lamanzere lizitsikira pa eriyo yachiwiri, yozungulira, imene imakweza ndi kutsitsa mawu, kuti mawu azizima pakati pa noti ndi noti, apo ayi nyimbo idzamveka ngati sairini ya ambulansi. Yambani ndi nyimbo ya m'buku yoyenda pang'onopang'ono, wa kiyibodi akukulizirani noti iliyonse, ndipo pa tsiku loimbalo mupemphe akwaya aime patali, makamaka wotsogolera amene amatambasula manja.