Funsani Amalume: za legeni, uta ndi mfuti ya gogodela

Makalata a mwezi uno ambiri akufunsa za zida zosakira zopanga tokha, ndipo ndasankhapo anayi. Kwa amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndinakulira ku Katete, ndinabwera ku Lusaka mu 1988, ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ku Kalingalinga.

Amalume, mwana wanga wa zaka 11 wabwera ndi legeni kuchokera kwa agogo ake ku Chadiza. Sabata yatha waswa galasi la zenera kwa aneba. Bambo ake akuti ndiiponye pamoto, mwanayo wakhala akulira masiku awiri. Ndichite bwanji?
*Nabanda, Mtendere*

Mayi, yambani ndi galasi. Lipirani, ndipo popita kukapepesa mwanayo akhale patsogolo, alankhule yekha ndi pakamwa pake.

Koma legeniyo musaitenthe. Mukatentha lero, mkucha adzakhala ndi ina, poti malegeni omangira katundu ali mbwee ku msika wa Soweto, ndipo mphanda siisowa. Kusiyana kwake n'kwakuti yachiwiriyo adzaibisa, azikaponyera kuseri kwa chimbudzi komwe inu simukuona.

Kumudzi legeni ili ndi ntchito. Ife tinkatumidwa kukalondera mapira akayamba kucha, kuyambira m'mawa mbalame zisanatere, ndipo ukaphonya mwala unkagwera m'tchire. Ku Mtendere mwala wophonya umagwera pa zenera, pa galimoto, kapena pa mutu wa khanda lomwe lili kumbuyo kwa mayi ake. Mwanayo luso wabwera nalo, chimene akusowa ndi malo oponyera. Mupangireni.

Sankhani khoma la mpanda lopanda zenera kapena geti pafupi. Kutsogolo kwake, pafupifupi phazi limodzi kuchoka pakhomalo, mangani chingwe ndi kupachikapo bulangete lakale kapena masaka awiri. Nsaluyo ilendewere, musaikoke kuti ilimbe. Nsalu yolendewera imameza mphamvu ya choponyedwa n'kuchigwetsera pansi, pomwe khoma la simenti limachibweza kwa amene waponya. Patsogolo pa bulangetelo mangirirani chitini ndi kachingwe. Ayambire pa mamita 5, akamalasa kasanu motsatizana abwerere m'mbuyo pang'ono mpaka afike pa mamita 10, womwe ndi mtunda umene akuluakulu a mipikisano ya legeni amaponyera.

Choponyera chikhale dothi. Tengani dothi la pachulu kapena dongo, aumbe timipira tokula ngati nzama, ayanike padzuwa masiku awiri. Timipirati timauluka mowongoka kuposa mwala chifukwa n'tofanana, ndipo tikagunda cholimba timangomwazika. Miyala yophwanya ija ya m'mbali mwa msewu ayi, ili ndi nsonga ndipo imakhota m'mwamba. Mabo, manati ndi timipira tachitsulo ta m'mabering'i, zimenezo zisalowe n'komwe pabwalopo.

Tsopano tengani legeniyo m'manja mwanu muione. Kokani mphira pang'onopang'ono kutali ndi nkhope, muyang'ane pomwe yamangidwira ku mphanda ndi pomwe yalowera m'kachikopa. Mukaona timing'alu ngati ta chidendene cha m'chilimwe, sinthani. Mphira ikadukira ku mphanda imabwerera kumaso kwa woponya, ndipo diso limakhala pomwepo chifukwa amakokera kutsaya. Mnzanga amene tinkaweta naye ng'ombe anataya diso lamanja motero tili ndi zaka 12. Panalibe mwala wa munthu wina, panalibe ndewu. Tinangomva thwa, iye n'kukhala pansi manja ali kumaso, madzi oyera akutsika pakati pa zala. Lero ndi gogo wa zidzukulu, koma njinga amayendetsa atapendeketsa mutu. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mumugulire magalasi oonekera otchinga maso, omwe ife timavala popala zitsulo. Amapezeka m'mashopu a zomangira ndipo mtengo wake sufika pa wa galasi mwalipiralo.

Mphanda yabwino ndi ya gwafa, youma bwino, yopanda chibooboo cha tizilombo. Kachikopa timadula ku lilime la nsapato yakutha. Za mphira, machubu ofiira a njinga zakale ndiwo anali abwino chifukwa ankatamuka n'kubwerera msanga. Akuda a masiku ano ambiri ndi olemera, mwana amakoka mpaka dzanja kunjenjemera, ndipo dzanja lonjenjemera ndilo limaswa mazenera. Dzuwa la Okutobala limaphanso mphira, ndiye isamagone padenga kapena pawindo.

Legeni izikhala kwa inu, azipempha, aziponya pali munthu wamkulu, ana ena onse ali kumbuyo kwake. Mumuuzenso kuti nkhunda za m'komboni zili ndi eni ake. Bambo akewo muwapemphe akhale oyamba kuyesa chitinicho, ndikukhulupirira kuti nawonso anavalapo legeni m'khosi ali ana.

Amalume, ndimalondera famu ya achibale ku Chongwe. Nguluwe ndi apusi atha chimanga. Agogo anga anali ndi gogodela ndipo nyama sinkasowa pakhomo. Mnzanga akuti tikhoza kupanga yathu ndi paipi. Inu mumadziwa zitsulo, ndi paipi yanji yolimba?
*Mlonda wa famu, Chongwe*

Mphwanga, funso lako limandipeza ngakhale pa ntchito. Amabwera anyamata ndi kapaipi kokulunga m'nyuzipepala, n'kunena kuti ndi ka pampu. Ndimawabweza, ndipo iwenso sindikuuza paipi iliyonse. Ndikuuza chifukwa chake.

Paipi ya madzi imapangidwa kuchokera ku chitsulo chophwatalala. Amachipinda n'kuwotcherera msoko kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ukaisuzumira padzuwa msokowo umaoneka ngati kamzere m'kati. Inapangidwira madzi a pampopi. Mpope wa mfuti yeniyeni ndi chitsulo china, ndipo usanagulitsidwe amauyesa ndi mphamvu yoposa imene udzakumane nayo m'manja mwa munthu. Ine ndikawotcherera, moto umasintha chitsulo cha m'mbali mwa pomwe ndawotcha, pena chimafewa, pena chimauma n'kusanduka chosachedwa kuthetheka, ndipo ndi maso sungadziwe. Onjezapo dzimbiri lomwe utsi wa onga umasiya m'kati. Choopsa chake n'chakuti mfuti yotere imatha kulira bwino kangapo, mwini wake n'kuyamba kuikhulupirira, kenako tsiku lina n'kung'ambika pamene dzanja lamanzere lagwira, tsaya lili pafupi.

Msuweni wanga zinamuchitikira mu 1979. Ankalinda nguluwe usiku m'dimba. Tinamunyamula pa ngolo kupita ku chipatala cha mishoni, dzanja atalikulunga ndi malaya ake, ng'ombe zikuyenda mwa chizolowezi chawo pomwe ife mitima ili m'mwamba. Ndimakumbukira fungo la onga ndi magazi, ndi mayi ake akuthamanga pambali pa ngolo opanda mpango kumutu. Anatsala ndi chala chachikulu ndi chaching'ono. Anali katswiri woluka nkhokwe, ndipo kuyambira pamenepo sanalukenso.

Za agogo ako, ndikuwalemekeza. Koma magogodela ambiri a makedzana sanali a paipi. Analowa kuno m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga, Achikunda ochokera ku Zambezi ndi Aswahili ochokera kunyanja yamchere, ndipo mipope yake inasulidwa m'mafakitale a ku Ulaya, makamaka ku Birmingham ndi Liège. Amisiri a kumudzi ankakonza mitengo yake ndi zokhethemulira, mpope n'kumangodutsa kuchokera kwa atate kupita kwa mwana. Zimene mnzakoyo akufuna kupanga si zimene agogo ako ankanyamula.

Palinso lamulo. Pansi pa Firearms Act, chaputala 110 cha malamulo a Zambia, kukhala ndi mfuti popanda laisensi ndi mlandu, ndipo yopanga wekha sikupulumutsa. Kupha nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu wina pansi pa Zambia Wildlife Act ya 2015. Ukhoza kupita kundende chimanga chili m'munda, wokolola n'kusowa.

Chimanga chako ndikuchimvera chisoni, chifukwa nguluwe zikalowa usiku umodzi zimagwetsa mizere yathunthu. Kanene ku ofesi ya Department of National Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, omwe anatenga ntchito ya bungwe lakale la ZAWA, likulu lawo lili ku Chilanga. Nyama zoononga mbewu ndi udindo wawo, ndipo ukamapita utenge zithunzi za pafoni ndi kalata ya amfumu. Podikira, manga nsanja pakati pa munda, zungulizani chingwe chomangirira zitini zokhala ndi timiyala, sonkhani moto kumbali yomwe zimalowera, mugone ndi agalu. Muzisinthana ndi alonda a minda yoyandikana, poti mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi sangalinde apusi masana n'kulindanso nguluwe usiku. Ngati mnzakoyo wapanga kale, apite ku polisi chimanjamanja akafunse kaperekedwe kake. Asayende nayo mu minibasi.

Amalume, ndine mphunzitsi ndipo ndikufuna kuyambitsa kalabu yoponya mivi kwa ana a giredi 7. Ndalama zogulira mauta palibe. Kodi nsungwi ingathandize? Ana akufunsanso za ulembe umene makolo ankapaka ku mivi.
*Mphunzitsi, Matero*

Aphunzitsi, nsungwi ikuthandizani ndithu. Sankhani yokhwima, youmira pamthunzi, muing'ambe ndi kuipala kuti pakati pakhale pochindikala, kunsonga kukhale kopyapyala mofanana mbali zonse. Utali wake ufanane ndi msinkhu wa mwana, chifukwa uta waufupi umathyoka msanga. Ukhale wofewa woti mwana akoke popanda kuluma mano. Mivi ikhale ya bango lowongoka, yaitali kupitirira pomwe mwana amakokera kuti isapulumuke n'kumulasa dzanja, nsonga yake yobuntha yokulunga ndi mphira, osati msomali. Bango long'aluka litayeni pomwepo. Uta usakokedwe n'kusiyidwa wopanda muvi, umasweka.

Chandamale pangani ndi saka lodzaza ndi udzu kapena masaka ena akutha. Pa Olimpiki amaponyera pa mamita 70, m'nyumba pa mamita 18, koma ana anu ayambire pa 8. Jambulani mzere pansi, ndipo wina asadutse kukatola mivi musanaimbe wezulo. Kambiranani ndi ahedi komanso makolo musanayambe.

Za ulembe, kapangidwe kake si ka m'kalasi, koma mbiri yake auzeni, ndi yonyaditsa. Alenje a m'chigwa cha Shire ankagwiritsa ntchito mbewu za chomera choyanga chotchedwa kombe. Pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi ndi Shire, pakati pa 1858 ndi 1864, dokotala John Kirk anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, kenako anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser ku Edinburgh anafufuza mbewuzo n'kupezamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Dzina la sayansi la chomeracho mpaka lero ndi Strophanthus kombe, liwu la makolo athu lili momwemo.

Amalume, galu wathu anasowa masiku awiri, wabwera waya utamuzinga mwendo, watupa. Tikukhala kufupi ndi tchire.
*Nambewe, Bauleni*

Mayi, ameneyo wakodwa mu khwekhwe. Musakoke wayawo, ukamakokedwa umalowerera. M'mangeni kukamwa ndi nsalu chifukwa galu womva ululu amaluma ngakhale mbuye wake, wina amugwire, ndipo ngati waya ukuoneka dulani ndi pulayala. Ngati walowa m'mnofu musakumbe, thamangirani naye kwa dokotala wa ziweto lero lomwe, mwendo usanafe.

Ife tinkatchera diwa la mbewa ndi mwala, timitengo ndi luzi, m'mawa uliwonse n'kukaonja, ndipo ukaliiwala luzi linkaola ndi mvula yoyamba. Waya wa buleki ya njinga suola. Wotchera akasamuka kapena akamangidwa, wayawo umatsala m'njira ya nyama zaka ndi zaka, ukugwira galu, mbuzi, mwana wa ng'ombe. Ku Luangwa umagwira mikango ndi zitamba za njovu, moti a Conservation South Luangwa amayenda m'tchire kuuchotsa, ndipo ku Mfuwe amayi a Mulberry Mongoose amapanga zibangili ndi mikanda kuchokera ku waya wolandidwawo.

Inu muli pafupi ndi Lusaka National Park, yomwe inatsegulidwa mu 2015, ndiye kauzeni oyang'anira nyama mbali yomwe galuyo amakonda kupita. Wotchera satchera umodzi, amandandalika mzere m'kanjira kamodzi. Mpaka atakachotsa, galu akhale pa chingwe, ndipo ana otola nkhuni asalowere mbali imeneyo.