Matayala akumbuyo a Toyota 86 akutha mkati mokha: kodi wolakwa ndi camber?

Wowerenga wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo yodandaula. Ali ndi Toyota 86 ya 2013 yomwe anaitanitsa ku Japan, ndipo atangoilandira anaivula masipuling'i ake n'kuikamo ofupikirapo kuti itsike pansi. Tsopano matayala akumbuyo atha mbali ya mkati mpaka waya akuonekera, pomwe mbali ya kunja mizere ikadali yakuya. Ku galaja anamuuza kuti ndi camber, magalimoto othamanga ndi mmene alili, angozolowera kugula matayala. Mnzake akuti auze amakaniko aike manambala onse pa ziro. Funso lake n'lakuti amvere ndani.

Achimwene, musamvere aliyense mwa awiriwo mpaka mutaona pepala la alayimenti, lomwe limaonetsa manambala a mmene magudumu aimira. A ku galajawo alondola pang'ono: camber ndi amene wasankha malo oti tayala lidyekere. Koma kuti lidyeke mofulumira chotero, nthawi zambiri pamakhala dzanja la toe (komwe magudumu aloza), ndipo mwa awiriwa toe ndi amene savuta kukonza pa galimoto yanuyo.

Tiyambe ndi camber poti ndi amene amaoneka ndi maso. Mukaima kumbuyo kwa galimoto n'kuona kuti magudumu apendekera mkati cha kumwamba, pansi atakangaza, ameneyo ndi camber wa negative. Opanga magalimoto othamanga amamuika dala. Galimoto ikamakhota pa liwiro, thupi lake limatsamira kunja kwa kona, ndipo gudumu la kunjalo, lomwe lasenza kulemera kwambiri, limafuna kugonera pa phewa lake la kunja. Likakhala kuti linapendekera kale mkati, pa konapo limaponda phula ndi nkhope yake yonse. N'chifukwa chake 86 imachoka ku fakitale kumbuyo kuli camber wa negative wopitirira pang'ono digiri imodzi, kutsogolo kuli pafupifupi ziro. Vuto limabwera mu msewu woongoka, momwe mbali ya mkati imasenza katundu woposa ya kunja. Komabe digiri imodzi kapena imodzi ndi theka siimaliza tayala m'miyezi yowerengeka. Gudumu lopendekera limagubuduzikabe bwinobwino, silikwekwesa pansi. Limatha mosafanana, inde, koma mwapang'onopang'ono.

Toe ndi nkhani ina. Uyu amaoneka mukayang'ana magudumu muli pamwamba: ngati mphuno zake zayang'anizana ndi toe-in, ngati zafulatirana ndi toe-out. Gudumu loloza kumbali pomwe galimoto ikupita kutsogolo silingachitire mwina, limayenda likukhula phula. Masamu ake ndi awa. Gudumu likapatuka ndi theka la digiri, pa kilomita iliyonse limakhala ngati lakokedwa cham'mbali mamita pafupifupi 9. Ulendo wa Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera ku Zalewa ndi makilomita opitirira pang'ono 300, ndiye kuti pofika ku Blantyre tayalalo lakhulidwa mtunda woposa makilomita awiri ndi theka, ngati kulinola pa mwala. Theka la digiri simungaliwone ndi maso, ndipo kawirikawiri chiwongolero chimakhala chili chilili chifukwa magudumu awiriwo akukokana mofanana. Ndiye phatikizani ziwirizi. Camber waika kulemera konse pa kamzere kochepa ka mkati, toe n'kumakhula kamzere komweko. Kumeneko n'kumene waya wanu watulukira.

Kuti si inu nokha, ngakhale Honda inapsapo nazo. Galimoto yake yothamanga ya NSX itatuluka mu 1990, kumbuyo inali ndi toe-in wambiri wothandiza kuti igwire msewu, koma eni ake anadandaula kwambiri ndi kutha msanga kwa matayala akumbuyo. Mu 1993 kampaniyo inachepetsa toe-in uja kuchoka pa mamilimita 6 kufika pa 4. Mamilimita awiri okha, pa galimoto yodula chotero.

Nanga masipuling'i aja alowapo bwanji? Kumbuyo kwa 86 gudumu lililonse limagwiridwa ndi mikono ingapo yosiyana kutalika, ndipo likamakwera m'mwamba mikonoyo imalipendeketsa komanso kulipotoza pang'ono. Anaipanga choncho kuti izithandiza pa kona. Kutsitsa galimoto kuli chimodzimodzi ndi kuika magudumu pa malo okwerawo nthawi zonse, choncho camber amawonjezeka ndipo toe amasuntha, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mu imelo yanu simunanene kuti munakapangitsa alayimenti mutaika masipuling'iwo. Ngati simunapite, apo ndiye poyambira. Ngati munapita tsiku lomwelo, mwina masipuling'i anali asanakhazikike, manambala n'kusunthanso pambuyo pake.

Musanapite kulikonse, tayalalo likhoza kukuuzani zambiri. Yendetsani chikhatho chopingasa mizere, kuchokera kunja kupita mkati kenako kubwerera, mosamala kuti waya asakucheke. Mukamva kusalala mbali imodzi koma kukanda pobwerera, ngati timano, ameneyo ndi toe. Camber payekha amasiya tayala losalala, longotsetsereka kuchoka kunja kupita mkati. Likatha m'mbali zonse ziwiri pakati pali bwino, mumayenda ndi mpweya wochepa. Likatha pakati, mumapopa mopyoza. Likakhala ndi zigamba zakuya apa ndi apo mozungulira, kayang'aneni ma shock kapena balansi ya gudumu.

Tsopano maganizo a mnzanu aja oti zonse zikhale pa ziro. Choyamba, pa 86 n'zosatheka ndi sipanala yokha. Monga imachokera ku fakitale, chomwe chimasinthika ndi toe basi: kutsogolo pa ma tie rod (zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi magudumu), kumbuyo pa bawuti yokhala ndi washala wosakhala pakatikati. Camber alibe posinthira, pokhapokha mutagula ma camber bolt a kutsogolo ndi mikono ya pansi yosinthika ya kumbuyo. Chachiwiri, galimoto yokoka ndi magudumu akumbuyo imafunika toe-in pang'ono kumbuyoko. Ndi amene amagwira mchira kuti usamavine mukaponda mafuta potuluka pa kona kapena mukaponda mabuleki mwadzidzidzi. Mukamuchotsa yense, kapena mukalola kuti kumbuyo kukhale toe-out, galimoto yaifupi ngati imeneyi ikhoza kukutembenukirani pa phula lonyowa. Kupulumutsa tayala n'kugwetsa galimoto mu ngalande ku Dedza nthawi ya mvula, malonda amenewo ine sindingawavomere.

Ikanakhala yanga, yongoyendera m'tauni ndi maulendo a kumapeto kwa sabata, ndikanapempha izi. Kutsogolo toe akhale ziro. Kumbuyo toe-in wa milimita imodzi kapena awiri mukaphatikiza magudumu onse awiri, wogawidwa mofanana kumanja ndi kumanzere. Kufananako n'kofunika kwambiri, chifukwa gudumu limodzi lakumbuyo likaloza mkati kuposa linzake galimoto imayenda chammbali, inu n'kumangoiwongola osadziwa, ndipo matayala akutsogolo nawo amayamba kudyeka. Camber wa kumbuyo akakhala pakati pa digiri imodzi ndi imodzi ndi theka, musiyeni. Akadutsa madigiri awiri, gulani mikono yosinthika ija kapena bwezeranipo masipuling'i akale. Kunena zoona, m'misewu yathu ya mahampu ndi maenje ine ndikanabwezerapo akalewo, koma ndikudziwa kuti mawu amenewa simukufuna kuwamva.

Chenjeraninso ndi manambala a pa intaneti. Mudzaona anthu akutama camber wa madigiri 2.5 kapena 3 ndi toe-out pang'ono kutsogolo kuti galimoto izilowa pa kona mwachangu. Sakunama, koma ambiri mwa iwo amathamanga m'mabwalo ngati Zwartkops kapena Killarney ku South Africa, komwe galimoto imakhala pa kona nthawi yaitali moti phewa la kunja ndi lomwe limayamba kupsa. Inu nthawi yambiri mumakhala pa mzere wa magalimoto kapena mu M1 mukupita molunjika. Manambala awowo pa moyo wanuwo ndi ongodyera matayala.

Za caster sinditaya nthawi. Ndi kupendekera kumbuyo kwa mzere womwe gudumu lakutsogolo limatembenukirapo, ndipo ndi amene amabweza chiwongolero pakati mukamaliza kukhota. Sadya matayala kwenikweni ndipo pa 86 sasinthika. Ntchito yake pa pepala ndi ya mboni: mbali ziwirizo zikasiyana kwambiri, pali chitsulo chomwe chinapindika, mwina pa dzenje, mwina galimotoyo inagundapo isanachoke ku Japan.

Pa tsiku la alayimenti, musangosiya kiyi n'kupita kukadya. Ayambe ainyamula n'kugwedeza gudumu lililonse, ayang'ane mabushi, ma ball joint, mitu ya ma tie rod ndi mabering'i. Galimoto ya 2013 ndi yakale ndithu, ndipo bushi yotha imalola toe kusintha galimoto ikangoyamba kuyenda, ngakhale makina ataonetsa manambala okongola itaima. Marimu opindika nawonso amanamiza makina. Mpweya ukhale wofanana ndi womwe walembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala, matayala ali ozizira, ndipo m'buti musakhale katundu wolemera. Makina ena sadziwa dzina loti 86, ndiye amakaniko amangosankha Toyota ina iliyonse. Musalole. Afufuze GT86, Subaru BRZ kapena Scion FR-S, chifukwa kunsi kwake ndi galimoto imodzi. Akalephera, apatseni manambala anu alembe okha.

Ndipo musakhutire ndi mawu oti "zonse zagirini, bwana". Mtundu wobiriwira umangotanthauza kuti nambala ili mkati mwa malire a fakitale, ndipo malirewo ndi otakata, mamilimita angapo uku ndi uku. Gudumu lakumanja likhoza kukhala kumapeto kwina, lakumanzere kumapeto kwinako, zonse zili zobiriwira. Pemphani pepala loonetsa manambala asanagwire ndi atamaliza, muone kuti akonza magudumu onse anayi, osati akutsogolo okha, monga ambiri amachitira pofuna kuthana nanu msanga. Pepalalo lisungeni, kuti tsiku lomwe mudzamenye dzenje lalikulu mudzakhale ndi chofananizira.

Mwayi womwe muli nawo ndi wakuti 86 imavala matayala ofanana kukula kutsogolo ndi kumbuyo, 215/45R17 kapena 205/55R16 kutengera mtundu wake, pomwe magalimoto ambiri othamanga kumbuyo amakhala ndi otambalala. Choncho mukhoza kumawasinthanitsa pa makilomita 8,000 kapena 10,000 aliwonse kuti kudyeka kugawike. Ngati ali ndi muvi woonetsa komwe ayenera kuzungulirira, asinthaneni mbali yomweyo, lakumbuyo kumanzere lipite kutsogolo kumanzere. Muzigwadanso kamodzi pa mwezi n'kusuzumira mbali ya mkati, chifukwa pa galimoto yotsika tayala limanyenga: kunja likuoneka latsopano, mkati latha kalekale.

Matayala omwe aonetsa wayawo achotseni lero, ndipo musawapititse kutsogolo poganiza kuti kumeneko apuma. Gulani awiri ofanana mtundu ndi kukula, chifukwa ngati yanuyo ili ndi difu (yogawira mphamvu ku magudumu akumbuyo) ya mtundu wa Torsen, monga zambiri mwa izo, siigwirizana ndi matayala osiyana msinkhu pa ekiselo imodzi. Alayimenti ipangidwe tsiku lomwe mwavala atsopanowo. Mukalandira pepala, nditumizireni manambala a "before" aja (a asanagwire), makamaka toe wa kumbuyo kumanja ndi kumanzere, tione ngati mikono yosinthika ikufunika kapena sipanala yokha yakwana.