Kodi ndi Brexit yomwe yadulitsa chakudya ku Britain?

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mayi wina wa kumudzi kwathu yemwe akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester. Akuti chifikireni ku Britain mu 2022, mapaundi omwe amapita nawo ku shopu akubwera ndi jumbo yopepuka chaka ndi chaka. Kuntchito anzawo amakangana: ena akuti vuto ndi Brexit (kutuluka kwa Britain m'bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union, mwachidule EU), ena akuti ndi nkhondo ya ku Ukraine. Funso lawo ndi lakuti zoona n'ziti, nanga mitengo idzatsikanso?

Mayi, anzanuwo onse akunena zoona, koma aliyense wagwira mbali yake. Chomwe chinakweza mitengo mwadzidzidzi inu mutangofika si Brexit ayi. Koma Brexit inaikapo kamtolo kake pamwamba, ndipo kamtoloko sikachoka kokha monga momwe mavuto enawo amachokera.

Tiyambe ndi zomwe si za Brexit. Russia italowa mu Ukraine mu Febuluwale 2022, gasi, feteleza, tirigu ndi mafuta ophikira a mpendadzuwa zinakwera dziko lonse lapansi. Pofika Malichi 2023, mitengo ya chakudya ku Britain inali itakwera ndi 19 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho, chinthu chomwe chinali chisanachitikeko kwa zaka 45. Komatu mwezi womwewo ku Germany, dziko lomwe lili mkatikati mwa European Union, chakudya chinali chitakwera kupitirira 20 peresenti, ndipo ku Hungary zinali zoopsa kuposa pamenepo. Choncho wina akakuuzani kuti popanda Brexit buledi akanakhala pa mtengo wa 2019, muuzeni akafunse anzake a ku Berlin.

Tsopano mbali ya Brexit. Anthu anavota pa 23 Juni 2016, ofuna kutuluka n'kupambana ndi 52 peresenti. Kutacha, paundi inagwa kufika pomwe inali isanafikeko chiyambire 1985. Dziko lomwe limagula kunja pafupifupi 40 peresenti ya chakudya chake silingaone ndalama yake ikugwa chotere mitengo n'kukhala chete. Apa n'kuti Britain isanatuluke n'komwe. Inatuluka pa 31 Januwale 2020, ndipo malamulo atsopano a malonda anayamba pa 1 Januwale 2021.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, chifukwa mgwirizano womwe Boris Johnson, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, anasainirana ndi EU ukuti katundu wopangidwa mbali ziwirizi azidutsa wopanda msonkho wa pachipata. Ndiye mtengo ukukwera bwanji? Yankho ndi mapepala. Aliyense yemwe anaonapo mzere wa mathiraki pa chipata cha Mwanza akudziwa kuti thiraki ikagona pa boda, dalaivala amadyabe, ejenti amafunabe zake, ndipo zonsezo amalipira ndi wogula wa ku Limbe. Kale lole ya tchizi yochokera ku France inkalowa ku Britain pa doko la Dover ngati ikupita mudzi woyandikana nawo. Lero pamafunika fomu ya kasitomu, ndipo pa nyama ndi zakudya zina zochokera ku ziweto pamafunika satifiketi yosainidwa ndi dokotala wa ziweto asananyamuke. Dokotalayo sasaina ulere.

Boma la Britain lenilenilo linkadziwa kuti izi zidula. Umboni wake ndi wakuti linazengereza kasanu konse kuyamba kuchita chipikisheni chakudya chochokera ku EU. Masatifiketi anayamba kufunika pa 31 Januwale 2024, ndipo kuyendera katundu kunayamba pa 30 Epulo chaka chomwecho, malole akukhotera ku Sevington, pafupi ndi Ashford, komwe amalipiritsa mpaka mapaundi 145 pa katundu mmodzi. Kwa supamaketi yaikulu ngati Tesco imeneyo ndi ndalama ya switi. Kwa mwini kashopu yemwe amaitanitsa makatoni ochepa a soseji ku Poland, ndi nkhani ina, ndipo ogulitsa ang'onoang'ono akamasiya, akuluakulu amatsala opanda wopikisana nawo.

Akatswiri a pa London School of Economics anayesa kupatula gawo la Brexit pa zonsezi. Anapeza kuti kuyambira Disembala 2019 mpaka Malichi 2023 chakudya chinakwera ndi pafupifupi 25 peresenti, ndipo pakanapanda zopinga za pachipatazi chikanakwera ndi 17. Kusiyanaku pa khomo lililonse ndi mapaundi pafupifupi 250 m'nthawi yonseyo. Alipo akatswiri ena omwe amatsutsa kawerengedwe kameneka, koma ine ndimaona kuti chithunzi chake n'cholondola: gawo lalikulu likanabwerabe, gawo lochepera ndi lodziyamba dala. Ndipo mapaundi 250 kwa munthu wolandira malipiro otsikitsitsa, yemwe akutumizanso fizi kumudzi, si nthabwala.

Palinso nkhani ya antchito. Minda ya zipatso ndi malo ophera ziweto zinkadalira anthu a ku Poland, Romania ndi Bulgaria omwe ankalowa popanda viza. Khomo limenelo litatsekedwa, mu 2021 alimi anapha nkhumba zambirimbiri pa famu pomwepo chifukwa chosowa ozikonza, madalaivala a malole nawonso akusowa. Covid inathandizirapo, inde.

Mwina mukukumbukira Febuluwale 2023, mashelefu a tomato ali mbee, masupamaketi akuletsa munthu kugula mapaketi ambiri. Chinayambitsa ndi nyengo yoipa ku Spain ndi Morocco, kuphatikizapo kudula kwa gasi komwe kunalepheretsa alimi ena kutenthetsa nyumba zawo zagalasi zolimamo. Koma tomato akachepa, wogulitsa amayamba wapatsa kasitomala wosavuta kumufikira. Nduna yoona za chakudya ya panthawiyo, Thérèse Coffey, inalangiza anthu kuti azikonda mbewu zakwawo monga turnip. Sindikudziwa kuti supu ya nsomba ikanakoma bwanji.

Za kutsika kwa mitengo, musadikire. Akamalengeza pa wailesi kuti inflation yatsika, akutanthauza kuti mitengo ikukwera pang'onopang'ono, osati yabwerera. Chomwe chingachepetseko ndi chomwe boma la Keir Starmer ndi EU anagwirizana ku London pa 19 Meyi 2025, kuti akambirane zochotsa masatifiketi ndi chipikisheni chambiri pa chakudya. Mtengo wake ndi wakuti Britain izitsatira malamulo a EU pa chakudya popanda voti powapanga, n'chifukwa chake ochemerera Brexit akukwiya nazo. Zikatheka, mudzaziona pa tchizi, nyama ya nkhumba ndi soseji. Ufa wa nsima ndi nsomba zouma za ku shopu ya Afirika zambiri sizichokera ku EU, ndiye zimenezo zidzayendabe ndi mphamvu ya paundi komanso mtengo wa sitima ndi ndege.