Ma switch anu akusowa latch, achimwene

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mawaya 8 a data ochokera pa Arduino akupita ku LCD, ndipo ena mwa omwewo mwawalumikizanso ku miyendo yolamulira ya CD4066, chip ya ma switch anayi, kuti muzisankha ngati serial ipite ku GPS kapena ku GSM module, koma LCD ikangolemba chilembo ma switch akutseguka n'kutsekeka okha. Musadandaule, palibe chapsa. 4066 siisunga kanthu, imangomvera chomwe chili pa mwendo wake nthawi imeneyo. Ndiye uthenga wopita ku LCD, iyo ikuwutenga ngati lamulo lake.

Pakati pa mawayawo ndi 4066 ikanipo 74HC573, yomwe ndi latch, kutanthauza chip yosunga byte yomwe mwaipatsa. Ili ndi miyendo 20. Mawaya anu 8 alowe pa miyendo 2 mpaka 9, malamulo atulukire pa 12 mpaka 19, 5V pa 20, GND pa 10. Mwini nkhani ndi mwendo 11, wotchedwa LE. Ukakhala HIGH, zolowa zimangodutsa. Ukatsika LOW, chip imagwira zomwe yaona pomaliza osazitaya, ngakhale LCD ilembe tsiku lonse. Mu code yanu yambani mwaika byte pa mawaya, kwezani LE, itsitseni, kenako bwererani ku LCD. Mukasinthanitsa, kukweza LE byte isanakhazikike, kuphethira kuja kubwereranso. Ena amakonda 74HC574 yomwe imagwira pa mphindi yokhayo clock ikukwera. Nayonso ndi yabwino, miyendo yake imagona chimodzimodzi.

Koma chomwe ndikufuna mumvetsetse ndi mwendo 1, OE, womwe umayatsa kapena kuzimitsa miyendo yotulutsa. Ambiri timangoumangirira ku GND n'kuiwala. Ine ndinatero, ndipo ndinagona mochedwa nazo. Magetsi atathima n'kubweranso, latch inadzuka ili ndi zake m'mimba, poti siilonjeza kuti iyamba ndi 0. Ma switch awiri anatsekeka pamodzi n'kulumikiza zipangizo ziwiri, TX (mwendo wotumizira) ya chipangizo china n'kukumana ndi TX ya chinzake, wina akukoka kumwamba wina pansi. Pa serial monitor panangodzadza zilembo zosadziwika, ndipo nditaika chala pa chip ndinamva kafundidwe. Chiyambire pamenepo OE ndimaikoka ku 5V ndi resistor ya 10k, n'kuilumikiza ku pin ya Arduino. Mu setup() ndimayamba ndalemba 0 mu latch, kenako ndiye ndimatsitsa OE. Dziwaninso kuti OE ikakhala HIGH miyendo yotulutsa imangolendewera, siili HIGH siili LOW, choncho pa mwendo uliwonse wolamulira wa 4066 ikani resistor ya 100k yopita ku GND kuti switch ikhale yotseguka, yosalumikiza kanthu, podikira.

Posintha kuchoka ku GPS kupita ku GSM musalumphe kamodzi. Lembani 0 kaye, onse amasuke, kenako lembani wa tsopanoyo.

Kapasita ya 100nF pakati pa 20 ndi 10, pafupi penipeni ndi chip, musaiwale. Komanso ngati mungaipeze 74HC4066, itengeni m'malo mwa CD4066, chifukwa pa 5V yakaleyo imakaniza ndi ma ohm mazana angapo pomwe inayo ndi makumi chabe. Chizindikiro chodutsa mu switch chizikhala pakati pa GND ndi 5V, kotero RS-232 yeniyeni ya makompyuta akale, yomwe imatsika mpaka pansi pa 0, musaiyandikize.

Kunena zoona, ngati ntchito yanu ndi kungosankha chipangizo chimodzi mwa zinayi, ine ndikanatenga 74HC4052. Imasintha TX ndi RX (mwendo wolandirira) limodzi, imafuna mawaya awiri okha osankhira, ndipo siisiya zipangizo ziwiri zili zolumikizidwa pamodzi. Mawaya awiriwo mutha kuwatengabe pa latch yomweyo, miyendo 6 yotsalayo muziyatsira ma relay kudzera pa ULN2803, chip yoyendetsera ma relay. Mukamanga, tumizani chithunzi cha bolodi chooneka bwino mwendo 1 ndi 11, ndikuthandizeni kuyang'ana musanalumikize magetsi.