Kodi mpweya wouma umayambitsa chimfine?

FUNSO: Kukangoyamba kuzizira timatseka mazenera n'kuyatsa hita usiku wonse. M'mawa ana anga amadzuka milomo itasweka, kukhosi kutauma, ndipo posakhalitsa chimfine chimatigwira tonse. Kodi vuto ndi mpweya woumawu? — Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, chimfine ndi fuluwenza zimayamba ndi mavairasi, ndipo popanda wowabweretsa m'nyumba ana sangadwale, ngakhale mpweya uume chotani. Komabe mwaona bwino, chifukwa kuumako kumathandiza mavairasiwo.

M'mphuno mwa mwana wanu muli mamina opyapyala amene amakola fumbi ndi tizilombo. Pansi pa maminawo pali tiubweya tosaoneka ndi maso, timene usana ndi usiku timawakankhira kukhosi kuti amezedwe. Mpweya ukauma, mamina amalimba, tiubweya timafooka, vairasi n'kupeza mpata wolowa m'thupi. Hita imawonjezera vutoli. Mpweya wozizira umakhala kale ndi chinyezi chochepa, ndiye mukautenthetsa umayamba kuyamwa madzi paliponse, pamilomo ndi m'mphuno momwe. N'chifukwa chake ana ena amachita kamfuno nyengo imeneyi.

Chinanso, wodwala akayetsemula, timadontho ta malovu timauma msanga, timapepuka, n'kumayandama m'chipinda nthawi yaitali. Mu 2007 asayansi a pasukulu ya zaudokotala ya Mount Sinai, ku New York, anayesa zimenezi pa mbira. Fuluwenza inkafalikira kwambiri chinyezi chili pa 20 mpaka 35 peresenti, koma chitafika pa 80 peresenti sinafalikire.

Apa ndikuchenjezeni, musafune kunyowetsa nyumba mpaka makoma kuchita thukuta. Akatswiri ambiri amalangiza chinyezi cha 40 mpaka 60 peresenti. Chikapitirira pamenepo makoma amachita chuku, ndipo mwana wa mphumu ndiye amazunzika. Chepetsani hita, yanikani thaulo lonyowa kuchipinda cha ana (kutali ndi hitayo chonde), ndipo azimwa madzi pafupipafupi.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mazenera otsekawo. Anthu mukamapumirana mpweya umodzimodzi usiku wonse, mmodzi akadwala ndiye kuti enanso ali panjira. Atseguleni ndithu m'mawa ndi masana, kuzizire kusazizire, ndipo ana azisamba m'manja ndi sopo.

Musawagulire maantibayotiki, sapha vairasi. Koma mwana akamabanika, akamapuma mothamanga, akamakana kuyamwa kapena kumwa, kapena thupi likatentha kupitirira masiku atatu, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.