Telesikopu ikamagwa mutu, musathamangire kugula mount ina

Achimwene ena a ku Rosettenville anditumizira imelo, akuti anagula telesikopu yaing'ono kwa munthu, ya galasi la 130mm, yokhala pa mount (chipangizo chonyamula ndi kutembenuza telesikopu) ya mtundu wa EQ, yotha kutsatira kuyenda kwa thambo, ya timiyendo ta aluminiyamu topyapyala tija. Akangomasula zomangira chubu chimagwa mutu, akaika foni kuti ajambule mwezi zonse zimanjenjemera, kenako mwezi wathawa. Ndiye akufunsa ngati agule mount yolemera.

Achimwene, ma rand anuwo asungeni kaye, kuno ku Joni ndalama siibwera mophweka, ndipo mwa zomwe mwafotokozazi ine sindikuona chowonongeka.

Musanayambe kulinganiza ikanitu zonse zomwe mugwiritse ntchito usiku umenewo, eyepiece (kagalasi koikapo diso), finder (kachipangizo kolozera), foni ndi chogwirira chake, chivindikiro chotsani. Ambiri amalinganiza chubu chopanda kanthu n'kudzaika foni pambuyo pake, pomwe foniyo ikukhala kumapeto kwenikweni ndipo kanthu kopepuka kakakhala kutali ndi pakati kamakoka kwambiri, ngati thumba la makala lomangidwa mopendekera pa kaliyala wa njinga.

Ndiye gwirani chubu ndi dzanja limodzi, osachisiya ayi, masulani chomangira cha RA (mbali ya mount yozungulira motsatira thambo), tembenuzani mpaka ndodo ya counterweight (chitsulo cholinganizira kulemera) igone chopingasa. Sunthani chitsulocho pang'onopang'ono, kumasiya dzanja pang'ono n'kumaona mbali yomwe ikutsika, mpaka mukasiya zingoima pomwepo. Kabawuti kakumapeto kwa ndodo kaja onetsetsani kuti kalipo, ndi komwe kamaletsa chitsulo kupulumuka n'kukuphwanyani chala chakuphazi. Mukatero mangani RA ndodo ili chigonere, masulani Dec (chomangira chachiwiri, chotembenuzira chubu chokha), chubu nacho chigone, masulani ma ring ogwira chubu pang'ono chabe n'kuchikankhira kutsogolo kapena kumbuyo mpaka chisiye kugwa mutu. Pamenepo matanipo katepi, mawa musadzayambirenso.

Chitsulo chikafika kumapeto kwa ndodo koma chubu chikulemerabe, onjezerani chitsulo china, ziwirizo zikhale chapafupi ndi mount. Chimodzi chakutali chimachita kugwedeza ndodo nthawi yaitali mukangokhudza focus (chopotokola kuti chithunzi chioneke bwino).

Koma kunjenjemera kwambiri kumachokera ku miyendo, ndipo apa mpomwe anthu safuna kumva. Musaitulutse yonse. Ikhale yaifupi, inuyo mukhale pa mpando kapena pa kreti, mudzaona kusiyana kwake usiku womwewo. Pakati pa miyendo mangiriranipo chigubu cha madzi cha malita 5, amenewo ndi makilogalamu 5 aulere, koma chikhale chotsika chongokhudza pansi pang'ono, chifukwa mphepo ya mu Ogasiti ija ikachipeza chikulendewera chizikankha tripod yonse. Pojambula ikani timer, chala chisakhudze foni.

Za mwezi wothawa zija si nkhani ya kulemera. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, mwezi kukula kwake kumwamba ndi theka la digiri, ndiye mphindi ziwiri zokha wasuntha mtunda wofanana ndi thupi lake lonse. Mount ya EQ anaipangira zimenezo, koma iyang'ane koyenera. Timabuku tambiri tobwera ndi ma telesikopuwa timati lozani kwa Polaris, nyenyezi yomwe kuno siioneka n'komwe. Inu ikani latitude (kupendekeka kwa mount) pa madigiri 26, ya kuno ku Joni, mount iyang'ane kummwera. Pezani Southern Cross (nyenyezi zooneka ngati mtanda), talikitsani mzere wake wautali kanayi ndi theka kulowera kuphazi kwa mtandawo, pamenepo ndiye pomwe thambo lathu limazungulirapo. Poonera ndi maso sizifuna kulondola kwambiri, mudzangopotokola kachingwe kosunthira RA pang'onopang'ono kokha mwezi n'kumabwerera pakati.

Mukafuna kuyesa ngati zakhazikika, lozani Alpha Centauri, yowala kwambiri mwa nyenyezi ziwiri zowala zomwe zimaloza mtanda uja, ikani eyepiece yokuza kwambiri yomwe muli nayo. Mount ikakhala bata muona kuti ndi nyenyezi ziwiri, ikamagwedezeka zimaphatikizana. Yachitatu yake, Proxima, anaitulukira Robert Innes mu 1915 konkuno ku Observatory, kufupi ndi Yeoville, koma imeneyo ndi magetsi a m'tauni muno musavutike kuisaka.